Masingano a acupuncture ndi ululu wa endometriosis: amafika pati, amalekera pati?

Mzimayi amene ali ndi endometriosis, matenda amene mnofu wofanana ndi wa m'kati mwa chiberekero umamera kunja kwake, amawerenga masiku a mwezi mosiyana ndi anzake. Amadziwa tsiku limene ululu uyambe kunyamuka m'chinena, tsiku limene ufike kumsana ndi m'ntchafu, ndiponso masiku awiri kapena atatu amene akhale ali chigonere. Mapiritsi opha ululu wamwa mpaka m'mimba kumawotcha. Mwina anayesapo mankhwala a mahomoni, mwina anachitidwapo opaleshoni, koma patapita zaka zingapo ululu uja unabwerera. Munthu wotereyu akamva kuti kuli chithandizo chobaya timasingano pakhungu, chotchedwa acupuncture, chimene ena akuti chinawathandiza, simungamudzudzule akatchera khutu. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Nanga kuseri kwa chitsekocho kuli chiyani? Mmene ndikuuonera umboni umene ulipo, acupuncture ikhoza kuchepetsa ululu, makamaka wa nthawi ya msambo, pa nthawi imene munthu akulandira chithandizocho. Koma matendawo siwakhudza. Zinthu ziwirizi zikumveka ngati zikutsutsana, ndipo zimamveka bwino pokhapokha munthu akalekanitsa matenda ndi ululu wake, chifukwa pa endometriosis ziwirizi siziyendera limodzi.

Chimene chimachitika m'chiuno

M'kati mwa chiberekero muli mnofu wofewa umene umakhuthala mwezi uliwonse pokonzekera mimba. Mimba ikapanda kukhala, mnofuwo umasweka n'kutuluka ndi magazi, ndipo umenewo ndiye msambo. Pa endometriosis, mnofu wofanana ndi umenewu umamera kunja kwa chiberekero: pa matumba a mazira, pa machubu odutsa mazira, pa kansalu kopyapyala kamene kamakuta m'kati mwa mimba, kuseri kwa chiberekero, nthawi zina pa matumbo kapena pa chikhodzodzo. Mnofu wosokerawu umamverabe mahomoni, makamaka estrogen. Mwezi uliwonse umatupa ndipo ukhoza kukha magazi, koma magaziwo alibe potulukira. Zotsatira zake ndi kutupa kosatha, zipsera za m'kati, ndi ziwalo zimene zimamatirirana pamene zimayenera kumayenda momasuka. Pa thumba la mazira pamatha kupangika chotupa chodzaza magazi akale oderapo, chimene madokotala amachifanizira ndi chokoleti chifukwa cha mtundu wake.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amagwira pafupifupi mzimayi mmodzi pa azimayi 10 alionse a msinkhu wobereka, kutanthauza anthu pafupifupi 190 miliyoni padziko lonse. Si matenda osowa ayi. Chosowa ndi kuwazindikira msanga: si zachilendo kuti padutse zaka 7 kapena kuposerapo kuchokera pamene ululu unayamba kufika pamene dokotala watchula dzina la matendawo. Zaka zonsezo mtsikana amangouzidwa kuti ndi cham'mimba, akadzabereka chidzatha.

Mu 1927 dokotala wa ku America, John Sampson, anafotokoza kuti magazi ena a msambo amabwerera m'mbuyo kudzera m'machubu n'kugwera m'mimba, ndipo maselo amene ali m'magaziwo amamera pomwe agwerapo. Mfundo yakeyi ikuphunzitsidwabe, koma payokha sikwanira, chifukwa kubwerera kwa magazi kotereku kumachitika kwa azimayi ambiri zedi, pamene amene amadwala ndi ochepa. Chitetezo cha m'thupi ndiponso za kumtundu zimatengapo mbali.

Ululu uli ndi moyo wakewake

Madokotala amagawa endometriosis m'magawo 4 potengera kuchuluka ndi kuzama kwa zimene aona pa opaleshoni. Mungayembekezere kuti wa gawo la 4 ndiye amamva ululu woopsa ndipo wa gawo loyamba amangomva pang'ono. Sizili choncho. Pali azimayi amene m'chiuno mwawo mwamatirirana monse koma amangodziwa za matendawa atapita kukafufuza chifukwa chimene sakutengera mimba. Palinso ena amene ali ndi timadontho towerengeka, koma mwezi uliwonse amakomoka ndi ululu.

Chifukwa chake n'chakuti ululuwu umachokera m'magwero angapo. Pamalo otupa pamatuluka tinthu totchedwa prostaglandin, timene timachititsa chiberekero kufinyika mwamphamvu komanso timadzutsa mitsempha yonyamula uthenga wa ululu. Timitsempha tatsopano timamera m'kati mwa mnofu wosokera uja. Minofu ya pansi pa chiuno, pozolowera kukungika munthu akamva kupweteka, imafika pokhala yokungika nthawi zonse, ndipo nayonso imayamba kupweteka payokha. N'chifukwa chake ena amamva ululu pogonana, pochita chimbudzi, kapena pongokhala pansi nthawi yaitali.

Gwero lomaliza ndi limene limathetsa nzeru. Uthenga wa ululu ukamadutsa njira imodzimodzi kwa zaka, mitsempha ya mumsana ndi ubongo imasintha. Imayamba kukuza uthenga uliwonse wochokera m'chiuno, ngati wailesi imene wina waikweza mawu n'kuthyola chotsitsira. Kukhudza kumene kale kunali kopanda kanthu kumamveka ngati kubaya. Apa ndiye mungamvetse chifukwa chimene ena amachitidwa opaleshoni yabwinobwino, mnofu wonse wooneka n'kuchotsedwa, koma ululu osatheratu. Si kuti akunamizira, ndipo si kuti ululuwo uli m'maganizo chabe. Mitsemphayo yasinthadi.

Mankhwala a kuchipatala amalimbana ndi magwero oyamba aja. Ibuprofen ndi naproxen amatchinga kupangika kwa prostaglandin. Mapiritsi olera, jakisoni wa medroxyprogesterone, mapiritsi a dienogest ndi lupu yokhala ndi homoni ya levonorgestrel zimafooketsa mnofu wosokera ndipo zimachepetsa kapena kuimitsa msambo. Palinso mankhwala amene amatsitsa estrogen kwambiri mpaka thupi kumakhala ngati la munthu amene anasiya kusamba, ndipo amabwera ndi kutentha thupi komanso kufooka kwa mafupa akamwedwa nthawi yaitali. Opaleshoni imadula kapena kuwotcha mnofuwo. Zonsezi zimathandiza anthu ambiri, koma palibe imene imachiza kotheratu, ndipo mankhwala a mahomoni sagwirizana ndi mzimayi amene akufuna mimba panopa. Mpata umene watsalawu ndi umene acupuncture ikufuna kulowamo.

Masinganowo

Acupuncture inachokera ku China. Buku lakale la zamankhwala lotchedwa Huangdi Neijing, limene linasonkhanitsidwa zaka zoposa 2,000 zapitazo, limafotokoza kuti m'thupi mumayenda mphamvu yotchedwa qi kudzera m'njira zake, zikuluzikulu zilipo 12, ndipo matenda amabwera mphamvuyi ikatsekeka kapena ikasokonekera. Ululu wa msambo wokhala ndi magazi oundana, m'kaonedwe kameneka, ndi magazi amene aima malo amodzi, ndipo ntchito ya singano ndi kuwatsegulira njira. Palibe amene anapezapo njira za qi m'thupi la munthu, kaya pong'amba kaya pojambula ndi makina. Koma kulakwika kwa kafotokozedwe sikutanthauza kuti chochitikacho n'chabodza. Mankhwala ambiri anayamba kugwira ntchito anthu asanadziwe chifukwa chenicheni.

Kumayiko a azungu njirayi inatchuka kwambiri mu 1971, pamene mtolankhani wa nyuzipepala ya New York Times, James Reston, anadwala ali ku Beijing n'kuchitidwa opaleshoni yochotsa appendix, kathumba kakang'ono ka kumatumbo. Opaleshoniyo inachitika ndi mankhwala ochititsa dzanzi a masiku onse. Masingano anamubaya pambuyo pake, pofuna kuchepetsa kupweteka kwa m'mimba, ndipo iye analemba zimene zinamuchitikira. Nkhaniyi poyenda pakamwa pa anthu inakula mpaka ena kumati anang'ambidwa ndi masingano okha, zomwe si zoona.

Amene sanaionepo amaganiza za jakisoni. Singano ya acupuncture ndi ina: ilibe bowo, silowetsa mankhwala alionse, ndipo ndi yopyapyala kwambiri, nthawi zambiri mamilimita 0.2 mpaka 0.3. Munthu amagona, wobayayo n'kulowetsa masingano angapo, mwina 10 kapena kuposerapo, n'kuwasiya kwa mphindi 20 mpaka 30. Nthawi zina amawapotoza pang'ono kufikira munthu atamva kulemera, dzanzi kapena kuwawa kozama pamalopo, chimene eni ake amachitcha de qi. Malo obaya amene WHO inawaika m'ndandanda wake alipo 361. Pa ululu wa m'chinena amakonda malo otchedwa Guanyuan ndi Zhongji, amene ali pakati pa mchombo ndi chinena, Sanyinjiao, amene ali m'kati mwa mwendo zala zinayi pamwamba pa kakolo, ndi Zusanli, kunsi kwa bondo. Ena amalumikiza masinganowo ku kamakina kotulutsa magetsi ochepa. Ena amabaya khutu lokha, njira imene dokotala wa ku France, Paul Nogier, anaifalitsa m'zaka za m'ma 1950.

Kodi singano ya pamwendo ingakhudze bwanji ululu wa m'chiuno? Pali mayankho amene safuna qi. Mu 1965 Ronald Melzack ndi Patrick Wall anafotokoza kuti mumsana muli ngati chipata, ndipo uthenga wa kukhudza kapena kutsina ukhoza kuchepetsa uthenga wa ululu umene ukudutsa pachipatapo. N'chifukwa chake munthu akagunda chigongono amachisisita. Mitsempha ina ya m'mwendo imalowa mumsana pamalo oyandikana ndi pamene pamalowa mitsempha ya ziwalo za m'chiuno, choncho ganizo lobaya mwendo silopanda mutu. Mu 1976 Bruce Pomeranz ku Toronto anaonetsa kuti mbewa zikapatsidwa naloxone, mankhwala amene amatchinga mphamvu ya morphine (mankhwala amphamvu opha ululu), acupuncture imaleka kuziphera ululu. Izi zinasonyeza kuti kubayako kumachititsa thupi kutulutsa mankhwala akeake ofanana ndi morphine, otchedwa endorphin. Ku Beijing, Han Jisheng anapeza kuti magetsi ogunda pang'onopang'ono ndi ogunda mofulumira amatulutsa mitundu yosiyana ya mankhwala a m'thupiwa. Mu 2010 gulu la Maiken Nedergaard linapeza kuti, mwa mbewa, pamalo obayidwa pamachuluka adenosine, imene imaziziritsa mitsempha ya ululu pamalopo.

Taonani kuti zonsezi zikunena za mitsempha, msana ndi ubongo. Palibe chimene chikunena za kusungunula chotupa kapena kumatula ziwalo zomatirirana. Ndiponso zambiri mwa izi zinaoneka pa mbewa, kwa maola ochepa. Mzimayi amene wadwala zaka 10 si mbewa ya m'labotale.

Vuto la singano yabodza

Kuyesa piritsi n'kosavuta: gulu lina limalandira lenileni, lina limalandira la shuga looneka chimodzimodzi, ndipo wodwala ngakhale dokotala sadziwa kuti ndani walandira chiyani. Nanga singano mungainamizire bwanji? Ofufuza ayesa njira zingapo. Ena amabaya malo amene sali m'ndandanda. Ena amabaya pamwamba pokha. Mu 1998 Konrad Streitberger ku Germany anapanga singano yobuntha imene imabwerera m'chigwiriro chake, ngati mipeni ya m'masewero, kotero munthu amamva kubaya koma khungu silibooka. Komabe iliyonse mwa njirazi imakhudza khungu ndi kudzutsa mitsempha, ndipo wobayayo amadziwa nthawi zonse chimene akuchita. Nkhope ndi manja ake zikhoza kuulula.

Kafukufuku wa ku Germany wofalitsidwa mu 2007 akuonetsa bwino mmene nkhaniyi ilili yokhotakhota. Anatenga anthu 1,162 odwala msana kwa nthawi yaitali n'kuwagawa patatu. Patatha miyezi 6, mwa amene analandira acupuncture yeniyeni anthu pafupifupi 48 pa 100 alionse anapeza bwino. Mwa amene anabayidwa mwachiphamaso pamalo olakwika, anali 44 pa 100 alionse. Mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse, anali 27 okha. Okonda acupuncture anaomba m'manja kuti yaposa mankhwala a kuchipatala. Otsutsa anati taonani, bayani paliponse zotsatira n'zomwezo. Onse ankawerenga manambala omwewo, ndipo onse ankanena zoona.

Mu 2018 Andrew Vickers ndi anzake anaphatikiza zotsatira za anthu oposa 20,000 a ululu wokhalitsa wa msana, khosi, mapewa, mawondo ndi mutu. Anapeza kuti acupuncture yeniyeni imaposadi yabodza, koma pang'ono, pamene kusiyana kwake ndi kusalandira masingano n'komwe kunali kokulirapo. Ine ndimawerenga izi motere: gawo lalikulu la phindu limachokera ku zonse zozungulira singanoyo, monga kugona phee kwa theka la ola, kukhudzidwa, kumvedwa ndi munthu amene akukhulupirira kuti ukumvadi ululu, ndi chiyembekezo. Gawo laling'ono ndi la singano yeniyeniyo. Ena akamva izi amati ndiye kuti ndi chinyengo. Sindikuvomereza msanga, chifukwa chiyembekezo nachonso chimatsegula njira za endorphin zomwe zija, ndipo kwa amene wagona tulo usiku umenewo, tuloto ndi tenitenidi. Koma zikutanthauzanso kuti munthu asalipire ndalama zambiri chifukwa wina akuti ali ndi malo obaya achinsinsi amene ena sawadziwa.

Nanga pa endometriosis penipeni?

Apa umboni ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa msana kapena mutu. Mu 2011 bungwe la Cochrane, limene limasefa kafukufuku mosanyengerera, linapeza malipoti 24 a nkhaniyi. Amene anakwanitsa mlingo wawo anali amodzi okha, a azimayi 67, ndipo ankayerekeza kubaya khutu ndi zitsamba za ku China, osati ndi singano yabodza kapena mankhwala a kuchipatala. Pa mzati umodzi woterowo simungamangepo nyumba.

Panali zoyesa zina zing'onozing'ono. Ku Boston mu 2008 anayesa atsikana 18 a zaka 13 mpaka 22 ndi njira ya ku Japan, imene imabaya mosazama. Patatha milungu 4, obayidwa zenizeni anali ndi ululu wochepa kusiyana ndi anzawo, koma kusiyanako kunacheperachepera pambuyo pake, ndipo anthu 18 ndi ochepa kwambiri. Ku Vienna mu 2010, pa azimayi 101, kubaya malo okhudzana ndi matendawa kunachepetsa ululu kuposa kubaya malo ena osakhudzana nawo. Mu 2017 ofufuza ena anaphatikiza zoyesa 10 za azimayi 589 n'kupeza kuti ululu unachepa, koma zambiri mwa zoyesazo zinali zazing'ono ndi zosabisa bwino kuti ndani walandira chiyani.

Pali chifukwa chinanso chokhalira tcheru. Mu 1998 Vickers yemweyo anawerenga zoyesa za acupuncture potengera dziko limene zinachokera, ndipo anapeza kuti zonse zochokera ku China, Japan, Hong Kong ndi Taiwan zinati njirayi ikugwira ntchito. Zonse, osatsalako ndi chimodzi chomwe. Ngakhale mankhwala amphamvu bwanji amalephera pa zoyesa zina, mwangozi chabe. Zotsatira zikamakoma nthawi zonse ndiye chikomekome cha mkuyu: n'kutheka kuti zimene sizinakome zinangotsala m'madilowa. Popeza kafukufuku wambiri wa acupuncture pa endometriosis ndi wochokera ku China, mfundoyi siyoiponya kunkhongo, ngakhale kuti kachitidwe ka kafukufuku kumeneko kapita patsogolo kuchokera nthawi imeneyo.

Umboni wa kupita patsogoloko ndi kafukufuku wa mu 2023, wochitika m'zipatala zingapo ku China komweko, amene kwa ine ndi wophunzitsa kwambiri pa onse. Azimayi 106 a zaka 20 mpaka 40 anagawidwa mwamaere, ena kulandira acupuncture yeniyeni, ena yabodza, kwa milungu 12, kuyambira mlungu umodzi msambo usanafike. Amene analandira yeniyeni anamva ululu wa msambo wochepa, masiku a ululu anafupika, ndipo ananena kuti moyo wawo wa tsiku ndi tsiku unapepukirako. Koma pa ululu wa m'chiuno wa masiku amene si a msambo, ndiponso pa ululu wa pogonana, magulu awiriwo sanasiyane. Ndipo atasiya kubayidwa, phindu lija linayamba kuzilala. Ofufuzawo analemba zimenezi okha, ndipo n'chifukwa chake ndimawakhulupirira kuposa amene amangolengeza zabwino zokhazokha. Zotsatirazi zikugwirizananso ndi zimene taona za mitsempha: singano imatsitsa mawu a wailesi ija pamene dzanja lili pomwepo, koma dzanja likachoka mawu amakweranso, pakuti gwero la phokosolo likadalipo.

Mabungwe olemba malangizo a madokotala sanatengeke. Mu 2022 bungwe la ku Ulaya la akatswiri a za ubereki, ESHRE, linanena kuti silingalimbikitse njira inayake mwa njira zosakhala za kuchipatala, acupuncture ili m'gulu lomwelo, chifukwa ubwino ndi kuipa kwake sizinaonekere bwino, koma linalimbikitsa madokotala kukambirana ndi odwala za njira zoterezi pofuna kupepukitsa moyo wawo. Ku Britain, bungwe la NICE linanena mu 2017 kuti umboni sukuikira kumbuyo njira zachikhalidwe za ku China kapena zitsamba zake pochiza endometriosis. Bungwe lomweli mu 2021 linalola acupuncture pa ululu wokhalitsa umene ulibe gwero looneka. Endometriosis ili ndi gwero looneka, choncho chilolezocho sichiikhudza mwachindunji, ngakhale kuti ululu wa odwala ena, uja wa mitsempha yosinthika, umafanana kwambiri ndi umenewo.

Za kubereka ndingonena mwachidule. Mu 2018 kafukufuku wa ku Australia ndi New Zealand, wa azimayi 848 amene ankathandizidwa kutenga mimba mwa njira ya IVF, yokumanitsa dzira ndi umuna kunja kwa thupi, anapeza kuti obereka ana amoyo anali pafupifupi 18 pa 100 alionse m'magulu onse awiri, obayidwa zenizeni ndi obayidwa zabodza. Amene akulonjeza mimba ndi masingano akugulitsa chinthu chimene alibe. Ndipo kwa mzimayi amene zaka zikupita, miyezi imene ingathere kumeneko sibwerera.

Kuopsa kwake ndi kayesedwe kake

M'manja mwa munthu wophunzira bwino, acupuncture siopsa kwenikweni. Pa kafukufuku wa ku Germany wa anthu oposa 229,000, pafupifupi 9 pa 100 alionse anadandaula ndi kanthu kena, makamaka kukha magazi pang'ono kapena kuundana kwa magazi pansi pa khungu pamalo obayidwa. Anthu 2 okha ndi amene singano inawaboola mpaka kufika ku mapapo, ngozi imene imachitika pobaya mozama pachifuwa kapena kumtunda kwa msana. Choopsa chachikulu chimene chingapeweke ndi singano zobwereza, zimene zikhoza kufalitsa matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C komanso HIV. Singano iliyonse itsegulidwe m'pepala lake inu mukuona, ndipo ikatha ntchito itayidwe. Amene akumwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, amene magazi awo savuta kutuluka, ndi amene ali oyembekezera kapena akuganiza kuti ali ndi mimba, anene asanagone pabedipo. Amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda asalole masingano a magetsi. Zitsamba zimene ena amagulitsa pamodzi ndi masingano ndi nkhani ina, ndipo zina zimalimbana ndi mankhwala a kuchipatala kapena kuvulaza chiwindi. Dokotala wanu azidziwe musanayambe kumwa.

Kwa amene akufuna kuyesa, nzeru ndi kuyesa ngati wofufuza. Kwa mwezi umodzi kapena iwiri musanayambe, lembani tsiku lililonse kukula kwa ululu kuyambira 0 mpaka 10, mapiritsi amene mwamwa, ndi masiku amene mwalephera ntchito kapena sukulu. Ululu wa endometriosis umakwera ndi kutsika wokha, ndipo anthu ambiri amapita kukafuna chithandizo chatsopano pa mwezi woipitsitsa, kotero mwezi wotsatira umaoneka wabwino ngakhale pasanachitike chilichonse. Popanda zolemba, mutu umanama. Kenako landirani chithandizocho kwa misambo itatu, monga zinalili pa kafukufuku wa mu 2023 uja, osasintha mankhwala ena pa nthawi yomweyo. Ngati manambala atsika ndipo thumba likulola, pitirizani, mukudziwa kuti mukasiya ululu ukhoza kubwerera. Ngati sanatsike, palibe chifukwa chomvera mawu akuti thupi lanu likufunika miyezi ina 6. Wobaya amene angakuuzeni kuti musiye mankhwala a mahomoni kapena kuti opaleshoni ndi yosafunika wadumpha malire a ntchito yake.

Pali ululu wina umene sufuna masingano ngakhale pang'ono. Ululu wadzidzidzi wa mbali imodzi wobwera ndi kusanza ukhoza kukhala chotupa chimene chaphulika kapena thumba la mazira limene lapotokola. Ululu wobwera msambo utadumpha ukhoza kukhala mimba yokhala m'chubu, imene imapha ikachedwa. Kutentha thupi, kukomoka, magazi m'chimbudzi kapena mumkodzo, zonsezi ndi za kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndipo pali mtundu wa endometriosis wozama umene umatha kuzinga kachubu kotenga mkodzo kuchokera ku impso kupita ku chikhodzodzo. Umafinya kachubuko pang'onopang'ono, mkodzo n'kumabwerera m'mbuyo, impso n'kumawonongeka, nthawi zambiri popanda ululu wapadera wochenjeza munthu. Mzimayi wotereyu akhoza kumabayidwa masingano, msambo wake n'kupepukadi, iye n'kumaona ngati matenda agona, pamene impso imodzi ikutha. Chimene chimagwira vuto limeneli ndi sikani, choncho tsiku limene dokotala analemba kuti mubwerenso lisadumphidwe, ngakhale mwezi umenewo mutadzuka muli bwinobwino.